Nambala ya LUCID ndaipeza, koma adobadoba a pa intaneti andidyera ndalama

Katundu wanga wayambanso kuoneka kwa ogula a ku Germany, ndiye ndati ndilembe mtima usanazizire. Ndikulembera makamaka inu anzanga amene muli kuno ku Britain ndipo mumagulitsa tizinthu pa misika ya pa intaneti: zikwama za chitenje, maepuloni, ndolo, nsalu za patebulo, chilichonse chomwe mumalongedza nokha kunyumba n'kukasiya ku positi. Ngati phukusi lanu limapita kwa munthu wa ku Germany nkhaniyi ndi yanu, ngakhale mutamatumiza limodzi lokha pa chaka.

Ine ndimagulitsa zikwama ndi nsalu za patebulo zosokedwa ku Blantyre. Achemwali anga ndiwo amakasankha zitenje ku Limbe n'kumayang'anira atelala, ine ndimalandira kuno ku Leeds n'kumagulitsa. Kunja kwa Britain, ogula anga ambiri ndi a ku Germany, ndipo ndi anthu osavuta, sanenerera mtengo, akagula kamodzi amabweranso. Choncho pamene msika womwe ndimagulitsapo unanditumizira uthenga wakuti katundu wanga wabisidwa kwa ogula a ku Germany mpaka nditapereka nambala ya LUCID (kaundula wa ku Germany wa ogulitsa otumiza katundu m'zokutira), ndinangoti kakasi. Inali nthawi yomwe anthu amayamba kugula mphatso za Khirisimasi, ndipo kwathu anali atasoka kale mulu wa zikwama, akudikira ndalama.

Lamulo lake lili chonchi. Germany ili ndi lamulo la zokutira katundu lotchedwa VerpackG, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019. Limati amene waika katundu m'katoni kapena m'jumbo n'kumutumiza kwa wogula wa m'dzikomo, ndiye alipire kutoleredwa ndi kukonzedwanso kwa katoniyo ikasanduka chinyalala. Sayang'ana amene anapanga katoni ku fakitale. Amayang'ana inu amene mwaidzaza n'kuimata. Kuyambira pa 1 Julayi 2022 misika ya pa intaneti, Amazon, eBay, Etsy ndi ina yonse, inapatsidwa udindo wofufuza ogulitsa ake, ndipo saloledwa kulola munthu wosalembetsa kugulitsa ku Germany. Ambiri a ife sitinkazimva izi chifukwa kuno ku Britain lamulo lofanana nalo limayambira pa mabizinesi olowetsa ndalama zoposa mapaundi 1 miliyoni pa chaka komanso ogwiritsa ntchito matani oposa 25 a zokutira. Ife aang'onoang'ono silitikhudza. Ku Germany kulibe zoti uyu ngwamng'ono. Katoni imodzi yakwana.

Zofunika kuchita ndi zitatu: kulembetsa m'kaundula wa LUCID, kupanga mgwirizano ndi kampani yotolera zokutira n'kuilipira, kenako kubwerera mu LUCID kukalemba kulemera komwe mwalipirira. Ndikanauzidwa momveka chonchi tsiku loyamba, bwenzi nkhani yonse itatha madzulo amodzi.

Mverani apa, chifukwa apa m'pamene ndalama zanga zinapita. Kulembetsa mu LUCID n'kwaulere, ndipo mumalembetsa nokha. Ofesi yoyang'anira kaundulayu, Zentrale Stelle Verpackungsregister ya ku Osnabrück, silandira ngakhale senti pa kulembetsa, ndipo lamulo sililola kuti munthu wina akulembetsereni. Ngakhale mutakhala ndi nthumwi yanu ku Germany yoti izikuchitirani zina zonse, kulembetsako kumatsalabe m'manja mwanu. Koma mukangolemba mawu akuti LUCID pofufuza pa intaneti, oyamba kutuluka pamwamba si ofesiyo. Ndi timakampani tolipira malonda, tokhala ndi masamba ooneka ngati a boma, mbendera ya Germany pakona, mawu ofiira onena za chindapusa, ndi batani lalikulu lakuti tikulembetsereni lero. Ndi adobadoba enieni, ofanana ndi aja amaima pakhomo pa maofesi kwathu n'kumakuuza kuti popanda iwo fomu yako sidutsa.

Kampani imodzi yotere inalonjeza kuti ichita zonse, ine ndingodikira nambala. Inatenga ndalama zomwe zikanalipira atelala zikwama za mwezi wathunthu. Itatenga, inanditumizira imelo yokhala ndi kabuku ka malangizo, kodzaza zithunzi za tsamba la LUCID ndi mivi yofiira yolozera pofinya. Pansi pake analemba kuti malinga ndi lamulo sangathe kundilembetsa, ndiyenera kuchita ndekha potsatira kabukuko. Ankadziwa kuyambira pachiyambi. Pa tsamba lawo lolandirira ndalama mawu amenewa panalibe, anali obisika m'kati mwa tizilembo ting'onoting'ono ta mgwirizano, pamodzi ndi mfundo yakuti ndalamazo azidula chaka chilichonse pokhapokha nditawalembera kalata yosiya nthawi isanakwane. Nditawalembera kuti andibwezere, anayankha kuti ntchito yachitika chifukwa kabuku ndalandira. Foni yawo imangolira. Ndikamalemba izi manja akunjenjemerabe, chifukwa ndalama imeneyo siinali yotolera pansi. Achemwali anga amakwera minibasi ndi mitolo ya zitenje pamiyendo kuchokera ku Limbe, atelala amasoka mpaka usiku magetsi akabwera, ndiyeno wina wakhala pa kompyuta n'kugulitsa malangizo omwe ofesi yeniyeniyo imapereka ulere, m'Chijeremani ndi m'Chingerezi momwe.

Ndipo kabukuko kanali kolakwika. Ndifika pamenepo.

Kulembetsa kwenikweniko sikovuta. Mumapita pa tsamba la verpackungsregister.org, n'kusankha Chingerezi ngati Chijeremani simuchitha. Mumapanga akaunti, amakutumizirani imelo yotsimikizira, ndipo musaisiye igone chifukwa ili ndi nthawi yake yothera. Amafuna dzina, adiresi, foni, dzina la mwini bizinesi, ndi nambala ya msonkho. Amene muli ndi nambala ya VAT mumaika imeneyo. Ine ndilibe, ndinaika nambala yanga ya msonkho ya ku HMRC, ija ya manambala 10 yomwe timagwiritsa ntchito podzilembera msonkho tokha. Kenako amafunsa mtundu wa zokutira. Ife ogulitsa pa intaneti timasankha zija zimene zimathera m'nyumba za anthu, zomwe ndi zoyenera kulipiridwa ku kampani yotolera. Amafunsanso mayina a malonda omwe ali pa katundu wanu, ndipo ngati mulibe dzina lapadera mumangoika la bizinesi. Mukamaliza imabwera nambala yoyamba ndi DE, yotsatiridwa ndi manambala 13. Ikopereni penapake posatayika.

Nambalayo payokha sithandiza kanthu. Anthu ena amaimira pomwepo, akuganiza kuti zatha. Mumafunika mgwirizano ndi imodzi mwa makampani otchedwa ma dual system. Alipo pafupifupi khumi, ena mwa iwo ndi Der Grüne Punkt, Landbell, Reclay ndi Interzero. Awa ndi amene amalipira magalimoto otolera matumba achikasu a zapulasitiki ndi mabini a mapepala m'makomo a ku Germany. Onse ndi ovomerezeka mofanana, kusiyana kwawo ndi mitengo basi. Ambiri ali ndi powerengera mtengo pa tsamba lawo, mumangolemba makilogalamu n'kuona ndalama musanalonjeze kalikonse. Yerekezani atatu kapena anayi. Kwa ife a katundu wochepa chofunika kuyang'ana si mtengo wa kilogalamu koma mtengo woyambira, chifukwa ena amakulipiritsa ndalama yokhazikika ngakhale utakhala ndi makilogalamu awiri okha. Yang'ananinso ngati mgwirizano umadzitalikitsa wokha chaka chikatha. Zomwe ndinalipira ku kampani yomwe ndinasankha, za chaka chathunthu, sizinafike ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo anayi a zomwe anadya adobadoba aja.

Koma musanafike pamenepo muyenera kudziwa makilogalamu anu, ndipo izi n'zomwe ndikanayenera kutchula poyamba. Tengani sikelo ya m'khitchini, ija yoyezera ufa wa makeke. Longedzani phukusi limodzi monga mumachitira nthawi zonse, kenako lipasuleni n'kuyeza chilichonse pachokha. Langa linatuluka motere: katoni yaing'ono magalamu 120, pepala lofewa lokulungira chikwama magalamu 8, kajumbo koteteza ku mvula magalamu 6. Tepi ndinaimatula pa katoni, ndinaipinda kukhala kampira, n'kuika pa sikelo: magalamu 5. Kakhadi kaja timamangirira pa chogwirira cha chikwama ndi kaulusi, kolembedwa dzina la shopu, nakonso amakawerenga ngati chokutira, pamodzi ndi pepala la adiresi lomata pamwamba. Zonsezi mumazigawa m'magulu awo. Katoni, pepala ndi khadi ndi gulu limodzi, tepi ndi jumbo ndi gulu la pulasitiki, ndipo palinso magulu a galasi, chitsulo, aluminiyamu ndi zina, kwa amene mumagulitsa uchi kapena mafuta odzola m'mabotolo. Mukatero mumachulukitsa ndi mapukusi omwe mukuyembekeza kutumiza ku Germany chaka chimenecho, Germany yokha, osaphatikiza mayiko ena. Zanga zinafika cha m'ma kilogalamu 30 a mapepala, pulasitiki osakwana makilogalamu 3.

Pulasitiki amadula kwambiri pa kilogalamu kuposa pepala. Nditaona zimenezo ndinasiya tepi yapulasitiki, pano ndimamata ndi tepi yapepala yabulauni, ndipo imagwira bwinobwino. Kajumbo ndikadali nako chifukwa sindingalole chitenje chinyowe panjira.

Amene mumakonda kutola makatoni akale ku shopu ya pafupi kuti musagule atsopano, musaganize kuti mwapulumuka. Katoni yogwiritsidwapo kale ntchito imalipiridwanso, pokhapokha mutakhala ndi umboni wakuti wina anailipirira kale ku Germany. Katoni ya mabisiketi yotoledwa ku Leeds umboni umenewo ilibe. Izi zinandiwawa, chifukwa munthu ukuyesa kuchepetsa zinyalala koma ukulipira chimodzimodzi ndi wogula zatsopano. Komabe ndikaganiza, katoniyo ikakathera m'bini ya ku Hamburg, galimoto yodzaitola imadya mafuta omwewo.

Mukalipira, bwererani mu LUCID. Mukalembe dzina la kampani yomwe mwapanga nayo mgwirizano, chaka chake, ndi makilogalamu a gulu lililonse, ndendende monga mwauzira kampaniyo. Kampani nayo imatumiza manambala ake ku ofesi ija, ndipo amawafananitsa. Ngati uku mwalemba 30 uko musakalembe 28.

Tsopano za kabuku kolakwika kaja. Pa malo olemba dzina la bizinesi, kanati ndilembe dzina la shopu yanga ya pa intaneti. Ndinatsatira. Nambala inatuluka, ndinalipira kampani yotolera, ndinaika nambalayo pa msika, ndipo msika unaikana. Sunanene chifukwa. Unangolemba kuti nambala sinatsimikizike. Ndinaikoperanso mosamala, nambala imodziimodzi, n'kutumizanso. Anakananso. Ndinalembera othandiza ogulitsa pa msikawo, ndipo yankho linali ndime yokonzeratu yondiuza kuti ndikalembetse mu LUCID, chinthu chomwe ndinali nditawauza kale mu mzere woyamba kuti ndachita. Ndinawatumizira chithunzi cha chitsimikizo. Anayankha munthu wina, ndime yomweyo. Loweruka lathunthu, tsiku lomwe ndimalongedza maoda, linathera pa kucheza ndi makina komanso anthu osawerenga zomwe walemba. Pa nthawiyi n'kuti makasitomala awiri a ku Germany atandilembera kufunsa ngati ndatseka shopu.

Amene anandimasula ndi mayi wina wa ku Ghana amene amagulitsa mikanda, tili naye pa gulu la WhatsApp la amayi amalonda. Anangondifunsa kuti, dzina lomwe lili mu LUCID ndi lomwe lili pa akaunti yako ya msika n'zofanana? Sizinali zofanana. Pa msika ndinalembetsa ngati munthu wochita bizinesi payekha, m'dzina langa la pa pasipoti. Mu LUCID munali dzina la shopu. Makina a msika amafananitsa dzina, adiresi ndi nambala ya msonkho ndi zomwe zili m'kaundula, ndipo zikasiyana amangokana osafotokoza. Ndinalowa mu LUCID, ndinasintha dzina kukhala langa lenileni, dzina la shopu ndinalisiya pa malo a mayina a malonda pomwe limayenera kukhala. Kusinthako n'kwaulerenso. Adiresi ndinailemba chimodzimodzi ndi ya pa msika, mpaka nambala ya fulati. Ndinauzanso kampani yotolera kuti ikonze dzina pa mgwirizano. Patapita masiku ochepa nambala inavomerezedwa.

Ndiye musanalembe kalikonse mu LUCID, tsegulani akaunti yanu ya msika pambali, muone momwe dzina ndi adiresi zalembedwera, n'kukopera momwemo. Ndipo ndibwerezenso, musalipire munthu aliyense kuti akulembetseni. Sangathe. Amene akunena kuti angathe akukunamizani, kapena akufuna kuti mumupatse mawu anu achinsinsi kuti akalowe ngati inu, zomwe n'zoopsa kuposa.

Wina pa gulu lathu anafunsa kuti bwanji osangogulitsa pa webusaiti yake, poti kumeneko palibe wofufuza. Sindingamulimbikitse. Kaundula wa LUCID ndi wapoyera, aliyense atha kulemba dzina la bizinesi yanu n'kuona ngati mulimo. Ku Germany ogulitsa anzanu opikisana nawo ali ndi ufulu wokutumizirani kalata ya loya yokuchenjezani, ndipo ndalama za loyayo amafuna mulipire inu. Chindapusa cha boma chimafika mpaka mayuro 100,000 kwa wosalembetsa, ndi mpaka mayuro 200,000 kwa wosalipira ku kampani yotolera. Adobadoba aja amagwiritsa ntchito manambala omwewa poopseza anthu, koma manambalawo ndi oona, ali m'lamulo.

Lamulo lenilenilo ine sindidana nalo, ndipo ndikunena izi ndi mtima wonse. Ndinakulira ku Blantyre, mtsinje wa Mudi ndimaudziwa momwe umaonekera mvula yoyamba ikagwa, majumbo atakolekera m'mabango ndi pansi pa milatho. Boma lathu linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 mu 2015, opanga majumbo anathamangira kukhoti, Khoti Lalikulu la Apilo linagamula mokomera chiletsocho mu 2019, koma majumbo anapitirira kupezeka m'misika. Amene amapindula ndi jumbo salipira kalikonse ikakatseka ngalande ku Ndirande. Ku Germany anayamba kale mu 1991 kukakamiza ogulitsa kuti azisenza mtolo wa zokutira zawo. Ngati katoni yanga ikukatayidwa m'mudzi wa eni, ndilipire, palibe vuto. Chomwe chimandipweteka n'chakuti dziko lililonse la ku Ulaya lili ndi kaundula wakewake, fomu yakeyake, ndi mtengo woyambira wakewake, moti kampani yaikulu yokhala ndi maloya imadutsa mosavuta, pamene mayi wotumiza mapukusi ochepa amangosankha kutseka mayiko ena.

Ine ndatseka France ndi Austria. Ku France mumafunika kulowa m'bungwe ngati Citeo kapena Léko, n'kupatsidwa nambala yapadera yochokera ku ADEME, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndipo pa zokutira pamafunika chizindikiro cha Triman ndi malangizo a kasankhidwe ka zinyalala. Kuwonjezera apo zovala, nsapato ndi nsalu za m'nyumba zili ndi bungwe lawo lapadera, Refashion, moti nsalu zanga za patebulo zikanafuna nambala yachiwiri. Ku Austria, kuyambira mu 2023, wogulitsa wakunja ayenera kukhala ndi nthumwi yokhala m'dzikomo, yopatsidwa mphamvu ndi chikalata chotsimikizidwa mwalamulo, ndipo nthumwiyo imalipidwa chaka ndi chaka. Ogula anga a ku Austria ndi owerengeka, ndalama ya nthumwi ikanameza phindu lonse. Ndinawalembera mmodzimmodzi kupepesa. Mmodzi anayankha kuti azitumizira kwa mchemwali wake wa ku Munich.

Palinso nkhani ina yosakhudza makatoni koma imabwera pa khomo lomwelo, ndipo anthu amaisokoneza ndi LUCID. Kuyambira pa 13 Disembala 2024 lamulo la chitetezo cha katundu la European Union, GPSR, limafuna kuti katundu wochokera kunja akhale ndi munthu kapena kampani yomuimira yokhala m'kati mwa EU, ndipo dzina ndi adiresi yake zilembedwe pa katundu kapena pa chokutira. Limagwiranso ntchito ku Northern Ireland. Nambala ya LUCID sikupulumutsani pa limenelo, ndi msewu wina. Komanso EU inakhazikitsa lamulo latsopano la zokutira la mayiko onse pamodzi, nambala yake 2025/40, lomwe tsiku lake loyambira ndi 12 Ogasiti 2026, choncho muzilowa pa tsamba la ofesi ya ku Osnabrück musanapange mgwirizano wa chaka chatsopano, muone zomwe zasintha. Pa tsamba la ofesiyo, osati pa loyamba kutuluka pofufuza.

Ndatsala pang'ono kuiwala za kumapeto kwa chaka. Makilogalamu omwe mwalipirira poyamba ndi ongoyerekeza. Chaka chikatha mumawerenga mapukusi omwe anapitadi ku Germany, n'kukauza kampani yotolera komanso LUCID kulemera kwenikweni, pofika pa 15 Meyi chaka chotsatira. Mukapitirira mumawonjezera ndalama. Makampani ena amafuna manambalawa tsikulo lisanafike, ndiye werengani mgwirizano wanu. Mgwirizano umayenda ndi chaka cha pa kalendala, choncho wa chaka chamawa umapangidwa Januwale asanalowe, phukusi loyamba lisananyamuke. Ine ndagula kope laling'ono lomwe limakhala pamodzi ndi tepi ndi sizasi. Phukusi lililonse la ku Germany ndimalemba tsiku ndi kukula kwa katoni, yaing'ono kapena yaikulu, kuti mu Meyi ndisadzafufuze m'maimelo a chaka chonse. Palinso chikalata chachikulu cha kumapeto kwa chaka chofuna kusainidwa ndi wowerengera ndalama, koma musachiope, chimayambira pa matani 50 a mapepala, matani 30 a pulasitiki ndi zitsulo, kapena matani 80 a galasi. Adobadoba anga anali atachiika pa mndandanda wa zinthu zomwe amati andithandiza.

Amene muli ku Malawi kapena ku Zambia ndipo mumatumiza nokha kuchokera kumeneko, lamuloli silisankha komwe phukusi lachokera. Achemwali anga akufuna kuyamba kutumiza zikwama zina okha kuchokera ku Blantyre m'dzina lawo, ndipo ndawauza kale kuti nambala yanga siwagwirira ntchito. Adzalembetsa yawoyawo, ndi TPIN yawo ya ku MRA, dzina monga lilili pa chiphaso, ndipo tidzakhala pa foni limodzi pamene akulemba. Kalata yosiya mgwirizano ndi kampani ya adobadoba ija ndatumiza kale pa imelo komanso pa positi yosainira, ndipo dandaulo lofuna kubwezeredwa ndalama lili ku banki yanga.